Mwana akadwalira kusukulu: zoti kholo likonzeretu teremu isanayambe

Nthawi ili cha m'ma 10 koloko m'mawa, dzuwa la kuno ku Salima layamba kale kuluma, mwana wa sitandade 4 wagonera pa desiki thupi lili moto. Aphunzitsi atsegula kaundula, apeza nambala ya kwawo, aimba. Siikupezeka. Inalembedwa mwanayo akuyamba sitandade 1, ndipo simukhadi yake inatayika chaka chomwecho. Mapeto ake amatuma mnzake wamkulupo kuti amuperekeze kunyumba, komwe akapeza chitseko chokhoma: amayi ali kumpunga, abambo ali panyanja.

Ambirife timaganiza kuti pasukulu pali wina wachipatala. Sukulu zambiri za pulayimale za boma zilibe kiliniki, zilibe namwino. Alipo ndi ahedi, mphunzitsi amene anapatsidwa udindo woona zaumoyo ndi zakudya, amayi a Mother Group (gulu la amayi a m'deralo lothandiza ana pasukulu, makamaka atsikana), ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, amene timangoti a HSA. Kusekondale yogonera komweko kumakhala amatroni ndi kachipinda ka odwala. Onsewa amathandiza mwana malinga ndi zomwe inu kholo munawauza. Mukapanda kunena, amangolota.

## Zofunika kukhala nazo

- Buku la kuchipatala la mwanayo, pamodzi ndi lakale la kusikelo ngati likadalipo
- Kajumbo kosungiramo bukulo kuti lisanyowe kapena kudyedwa ndi chiswe
- Pepala loyera ndi cholembera
- Manambala a foni atatu a anthu osiyana
- Mankhwala omwe mwana amamwa nthawi zonse, ali m'chikwama chake chomwe anachokera nacho kuchipatala
- Botolo la madzi akumwa lotsekeka bwino
- Ndalama ya kabaza yopita ndi kubwera kuchipatala chapafupi, yoikidwa padera
- Kwa mwana wogonera kusukulu: neti, sopo, ndowa yake, ndipo ngati ndi mtsikana wotha msinkhu, zodzisamalira pa nthawi ya kumwezi zokwana teremu yonse

## Sukulu isanatsegulidwe

1. Pezani buku la kuchipatala, likhale limodzi. M'menemo ndi momwe muli mbiri yonse: matenda omwe anadwalapo, mankhwala omwe anamwapo, katemera amene analandira. Tsegulani muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana ndi zomwe zili m'kaundula wa kusukulu.

*Chenjezo:* pali chizolowezi chogula buku latsopano pageti ya chipatala nthawi iliyonse tikaiwala lakale kunyumba. Mwana wa zaka 10 amapezeka ali ndi mabuku asanu, lililonse lolembedwa tsamba limodzi, ndipo adokotala sangaone kuti malungowa akubwera kachitatu m'miyezi iwiri. Ngati zinatero kale, asokereni pamodzi ndi ulusi. Choipitsitsa ndi kubwereketsa buku la mkulu kwa mng'ono wake.

2. Kaonetseni bukulo kwa a HSA kapena kuchipatala chaching'ono. Afunseni funso limodzi: kodi pali katemera amene mwanayu anaphonya? Mu Meyi 2023 boma linapereka katemera wa tayifodi kwa ana oyambira miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15, ndipo ena anadumphidwa chifukwa tsikulo anajomba. Ngati ndi mtsikana amene wakwanitsa zaka 9, funsani za katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, yemwe anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu Januwale 2019. Katemerayu amagwira bwino akaperekedwa mtsikana adakali wamng'ono, n'chifukwa chake amafikira ana a kupulayimale. M'zipatala za boma simulipira kalikonse.

3. Lembani kalata ya tsamba limodzi. Isakhale yaitali ngati ya chisankho cha ufumu. Aphunzitsi ali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo, awerenga mizere isanu basi. Ilembedwe chonchi:

*Kwa Ahedi ndi Aphunzitsi a Sitandade 4. Mwana wanga (dzina lonse) ali ndi mphumu. Imamuyamba akapuma fumbi lambiri kapena utsi, choncho ndikupempha asamasese m'kalasi, apatsidwe ntchito ina. Akayamba kubanika, akhale tsonga pamthunzi, apopere mankhwala ake omwe ali m'thumba la yunifolomu. Akapanda kusintha, apite naye kuchipatala osadikira ine. Akamwa Bactrim amatuluka ziwengo, asapatsidwe. Ine mayi ake (dzina, mudzi, foni).*

Mzere woti "osadikira ine" ndi wofunika kuposa yonse. Aphunzitsi ambiri amazengereza kunyamula mwana wa eni kupita naye kuchipatala poopa kuti kholo lidzawadzudzula. Amasukeni polemba.

Matenda oyenera kulemba ndi onse amene angamugwere mwadzidzidzi kapena kumulepheretsa ntchito zina: khunyu, mphumu, shuga, siko selo, vuto la mtima, ziwengo za mankhwala kapena zakudya. Lembaninso ngati saona bwino pa bolodi kapena khutu lina silimva. Ana ena amatchedwa mbuli chaka chonse pomwe vuto ndi loti anakhala kumbuyo.

Za HIV ndi zina. Lamulo la dziko lino la 2018 la HIV ndi Edzi limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilomboka, ndipo simukakamizidwa kulemba izi m'kalata yomwe ingagone pa tebulo aliyense n'kuiwerenga. Koma ngati mwana akukagonera kusukulu, sankhani wamkulu mmodzi wosunga pakamwa, mumuuze pamaso, mwanayo atavomera. Ameneyo ndi amene adzamupatse chilolezo pa tsiku lokatenga mankhwala popanda mafunso ambirimbiri pagulu.

4. Lembani manambala atatu. Yanu, ya wina wa m'banja, ndi ya munthu amene sachoka pakhomo masana ndipo foni yake imakhala ndi moto: wagolosale wapafupi, amfumu, kapena mnansi. Mumuuze munthuyo kuti mwamulemba.

*Chenjezo:* musalembe nambala ya amalume a ku Lilongwe kapena ya abambo omwe ali ku Joni ngati yoyamba. Adzayankha, inde, koma sangafike pasukulu.

## Sabata yoyamba ya teremu

5. Pitani nokha kusukulu. Kalata yopatsira mwana imathera m'chikwama pamodzi ndi zinyenyeswa za zitumbuwa. Onanani ndi aphunzitsi a kalasi yake, kenako ahedi. Malamulo amasiyana sukulu ndi sukulu, makamaka zomwe si zaboma, choncho funsani izi ndipo mulembe mayankho kuseri kwa buku la kuchipatala:

- Mwana akadwala m'kalasi, amapita naye kuti, ndipo amamuperekeza ndani?
- Ndani amalipira kabaza?
- Kodi sukulu imasunga mankhwala a ana, ndipo amakhala ndi ndani?
- Mwana akajomba chifukwa chodwala, pamafunika umboni wanji?

Funso loyambalo lili ndi nkhani ya ndalama mkati. Chipatala cha boma, monga cha Salima kapena zazing'ono za ku Chipoka, Khombedza ndi Lifuwu, n'chaulere. Chipatala cha mishoni chimalipiritsa. Ngati chapafupi ndi sukulu ndi cholipira, gwirizanani lero kuti mwana azipita komweko pa zadzidzidzi inu mudzalipire, kusiyana n'kuti mukambirane zimenezi mwana ali chigonere.

6. Konzani za mankhwala. Njira yosavuta ndi yoti mankhwala asapite kusukulu n'komwe. Ambiri omwa kawiri pa tsiku amatheka m'mawa asananyamuke ndi madzulo. Funsani adokotala kuti akuthandizeni kuika nthawi. Ngati sizitheka, perekani mankhwalawo m'manja mwa mphunzitsi, olembedwa dzina, nthawi ndi kuchuluka kwake. Wa mphumu yekha ndiye ayende ndi chopopera chake m'thumba, chifukwa mphumu sidikira kuti ofesi itsegulidwe.

*Chenjezo:* musamange mapiritsi osiyanasiyana pa kapepala n'kupatsa mwana wa sitandade 2. Ana amagawana chilichonse, ndi mankhwala omwe.

Ngati mwana ali ndi khunyu, musangopereka kalata, onetsani aphunzitsi zochita. Akagwa, amuchotsere madesiki ndi miyala pafupi, amuikire chofewa kumutu, akasiya kuphupha amugoneke cham'mbali. Asamuike supuni kapena chala m'kamwa, asamuthire madzi, asamupanikize. Kukomokako kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, ndi za kuchipatala msanga. Nenaninso poyera kuti khunyu sipatsirana, ngakhale ndi thovu la m'kamwa. Anzake akathawa m'kalasi tsiku loyamba, mwanayo safunanso kubwerera.

## Tsiku la mankhwala a likodzo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa kuno kunyanja ndi pomwe timalakwitsa chaka ndi chaka.

Likodzo limachokera ku tizilombo tomwe timakhala mu nkhono za m'madzi, ndipo timalowa pakhungu mwana akamasamba, kuchapa, kuwedza kapena kuponda m'madzi. Mwana wa ku Senga Bay kapena kwa Maganga sangasiye nyanja, wa ku Lifuwu sangasiye kulowa m'minda ya mpunga, wa m'mbali mwa Linthipe sangasiye mtsinje. N'chifukwa chake a zaumoyo amabwera m'sukulu kudzapereka praziquantel kwa ana onse, odwala ndi ooneka abwinobwino, kawirikawiri pamodzi ndi albendazole wa njoka za m'mimba.

7. Dziwani tsiku lake. Uthenga umadzera mwa ana, mwa amfumu kapena kutchalitchi ndi kumzikiti. Ana oopa mapiritsi amaubisa. Mukamva kuti sukulu yoyandikana nayo alandira, funsani.

8. Mwana adye, ndipo adye zokhuta. Osati tiyi wopanda chotafuna. Mkute wa dzulo, mbatata, chinangwa, mpunga, phala lolimba, chilichonse chokhala m'mimba. Mumupatsenso china choti adye pomwe ali pamzere, chifukwa gulu la zaumoyo likhoza kufika cha m'ma 11 koloko, za m'mawa zitapita kale.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Chaka china mwana wanga wamkazi anandiuza usiku kuti mawa kuli mankhwala, ine ndinayankha kuti chabwino, m'mawa ndinalawirira kumsika. Anapita ndi madzi okha m'mimba. Masana ndinamupeza pakhonde atagwira mutu, atasanza kawiri, akuti dziko likuzungulira. Apongozi anga anali atayamba kale kunena kuti anthu a boma atipherera mwana. Pofika madzulo anali akudya nsima ndi usipa ngati palibe chinachitika. Wolakwa anali ine.

Mapiritsiwa ndi aakulu ndiponso owawa, ndipo chiwerengero chake amachipeza pomuimika mwana pa ndodo yoyezera msinkhu. Wamtali amalandira ambiri kuposa wamfupi ngakhale ali kalasi imodzi, musadabwe. Nseru, chizungulire ndi kupotokola m'mimba zimachitika, makamaka kwa amene sanadye kapena amene ali ndi tizilombo tambiri, ndipo zimatha pa maola ochepa. Apume pamthunzi, amwe madzi. Akatupa nkhope, akabanika kapena kusanza kosalekeza, thamangirani kuchipatala.

9. Nenani ngati pali chifukwa choti asamwe tsikulo. Mwana amene akudwala kale, kapena amene ali ndi khunyu, a zaumoyo adziwe asanamupatse, iwo ndi amene agamule. Ngati muli ndi mantha ndi mankhwalawa kapena katemera, pitani mukafunse a HSA pamaso. Muli ndi ufulu wofunsa. Zoti amatseka mimba n'zabodza. Chomwe chimawononga njira ya chiberekero ndi chikhodzodzo ndi likodzo lomwelo likakhalitsa m'thupi.

*Chenjezo:* mankhwalawa amapha tizilombo tomwe tili m'thupi tsikulo, si katemera. Mwana akabwerera m'madzi akhoza kutenganso. Mukaona magazi kumapeto kwa mkodzo, musadikire chaka chamawa, pitani naye kuchipatala. Ndipo kukodza magazi si chizindikiro choti mnyamata wakula, monga ena amanenera.

## Mwana wadzuka sakupeza bwino

10. Gamulani: kusukulu kapena kuchipatala. Asapite kusukulu ngati thupi latentha, akutsegula m'mimba, akusanza, maso afiira ndipo akutuluka manthongo, kapena watuluka totupa thupi lonse ngati katsabola kapena chikuku. Chimfine wamba mwana akudya ndi kusewera sichomujombetsa. Mphere ndi zipere zimafuna mankhwala, ndipo pa mphere banja lonse lithandizidwe pamodzi, zofunda zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa.

Kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha ngati otsukira mpunga musakuyese masewera. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, maboma a m'mbali mwa nyanja ali m'gulu la okhudzidwa kwambiri, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa chake. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, mwana azimwa muli m'njira yopita kuchipatala, ndipo sukulu idziwe tsiku lomwelo.

11. Thupi likatentha, ayezedwe magazi. Si kutentha konse komwe kuli malungo. Kuyeza kwa pachala kumatenga mphindi zochepa. Akapezeka nawo, mankhwala a LA amamwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu: koyamba, kachiwiri patatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatirawo. Amwe atadya, makamaka chakudya cha mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro.

*Chenjezo:* tsiku lachiwiri mwana amadzuka n'kuyamba kuthamanga, ndiye timasunga otsalawo kuti adzathandize wina. Malungo amabwereranso. Amalize onse.

12. Dziwitsani sukulu, kenako bweretsani umboni. Tumani uthenga tsiku loyamba lomwe. Pobwerera, aphunzitsi aone tsamba la buku la kuchipatala lomwe lili ndi tsiku ndi zolemba za adokotala, tsamba lokhalo, bukulo libwerere kunyumba. Kwa wa sitandade 8, fomu 2 kapena fomu 4 amene wadwala nthawi ya mayeso a MANEB, ahedi adziwe m'mawa womwewo mayeso asanayambe, osati mawa lake.

## Sukulu yakuimbirani

13. Nyamukani ndi buku. Funsani pafoni zinthu zitatu: ali kuti tsopano, akulankhula kapena ayi, wapatsidwa chiyani. Ngati wakomoka, akubanika, wathyoka kapena walumidwa ndi njoka, auzeni apite naye kuchipatala mukakumane komweko. Akalumidwa ndi galu, balalo litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe, ngakhale bala litakhala laling'ono.

Mukasowa wofunsa, Chipatala Cha Pa Foni chimayankha pa 929. Ngati zomwe zamuchitikira mwana ndi nkhanza, kaya zakusukulu kaya zam'njira, nambala yothandiza ana ndi 116.

14. Wogonera kusukulu. Onanani ndi amatroni kapena aphunzitsi oyang'anira ogonera tsiku lomusiya. Buku la kuchipatala lipite naye, inu mujambule masamba ake pafoni. Werengani mapiritsi a matenda okhalitsa muone ngati afika tsiku lotsekera. Ngati safika, pemphani kuchipatala kwanu akulembereni kalata yoti azikatengera kufupi ndi sukulu. Neti imangidwe inu mukuona.

## Zolakwika zomwe timabwereza

Kubisa matenda poopa kuti mwana amukana. Aphunzitsi amadzadziwabe, koma pa tsiku loipa, mwana ali pansi, iwo osadziwa chochita.

Kumwetsa panado m'mawa kuti akalembe mayeso. Thupi limazizira maola anayi, kenako limatenthera m'kalasi inu muli kutali. Aspirin ndiye musampatse mwana n'komwe popanda adokotala.

Kusintha nambala osauza sukulu. Kapenanso kusayankha nambala yachilendo poganiza kuti ndi angongole. Sungani nambala ya aphunzitsi m'foni ndi dzina lake.

Kujombetsa mwana dala tsiku la katemera chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp umene palibe akudziwa kuti anayamba ndani.

Kungokhala chete mtsikana akamajomba masiku atatu mwezi uliwonse. Nthawi zambiri si ulesi. Amayi a Mother Group alipo chifukwa cha zoterezi, ndipo m'sukulu zambiri amaphunzitsa kusoka nsalu zochapa n'kugwiritsanso ntchito. Ngati ululu wa kumwezi ukumugoneka, apite kuchipatala.

Kuganiza kuti mtsikana akatenga mimba sukulu yathera pomwepo. Ndondomeko ya boma yolola kubwerera kusukulu akabereka inayamba mu 1993. Kaonaneni ndi ahedi msanga kuti zilembedwe m'mabuku malo ake asafufutidwe, ndipo ayambe sikelo nthawi yomweyo.

Kusiya kalata ya chaka chatha. Mwana akakwera kalasi, mphunzitsi ndi wina, ndipo pepala lija linatsala m'kabati ya sitandade 4. Mu Seputembala aliyense lembani ina, muikepo tsiku, muyese kuimba manambala onse atatu muli chiimire mu ofesi ya ahedi.